Mfundo imene tinabwereka kwa kachilombo

Anansi anga kuno ku Avondale akamva kuti ndimagwira ntchito ya RNA amangoganiza za kuyeza magazi. Ine ndine mmisiri womanga, kungoti zomanga zanga maso saziona. Ulusi wa RNA uli ndi zilembo zinayi, A, U, G ndi C, ndipo ukazisanja bwino umadzipinda wokha, zidutswa n'kumagwirana kukhala mphete kapena ukonde. Za kukopera ulusiwo kuchokera ku DNA ndi enzyme ya T7 sindichedwapo, wophunzira aliyense amatha.

Luso lagona pa mfundo. Zidutswa ziwiri zimagwirana pamene nsonga zake zopindika zakumana zilembo, ngati milomo yopsompsonana. Mfundo imodzi imene timaidalira tinaibwereka kwa HIV, kachilombo komwe katilanda abale ambirimbiri, chifukwa ndi imene kamamangira pamodzi maulusi ake awiri. Mu 2014 Cody Geary, Paul Rothemund ndi Ebbe Andersen anaigwiritsa ntchito popanga timatailosi todzipinda enzyme ikadali mkati molemba, tina n'kulumikizana ngati zisa za njuchi. Komatu mfundoyi ndi yamakani. Magnesium akachepa siigwira bwino, poti maulusi a RNA amakankhana mwachibadwa; akachuluka, zonse zimaundana ngati nsima ya mibulu. N'chifukwa chake aphunzitsi athu sankalola chidule: tenthetsa kufika madigiri 90, ika pa ayezi, magnesium pambuyo. Ankakhwimitsanso za magolovesi kuposa za masamu, popeza khungu la munthu lili ndi RNase yomwe imadula ulusi wa sabata yonse mwakachetechete.

Ena amati masiku ano kompyuta yatha zonse, ndipo makasitomala amafuna ndiwatchaje mtengo wa DNA. Zoona, DNA ndi yotchipa komanso yolimba, koma imene timamangira nthawi zambiri imafuna kuitenthetsa ndi kuiziziritsa pang'onopang'ono, pamene RNA yokonzedwa bwino ingathe kudzipinda ngakhale m'selo yamoyo. Kompyutayo imajambula mmene ulusi uyenera kukhalira, siidziwa za thukuta la pachala. Amisiri otchipa amakupatsani chithunzi chokongola cha pakompyuta. Ine ndimakupatsani jelo, muone nokha kamzere katsalira pamwamba chifukwa zidutswa zagwiranadi n'kulemera. Mumtengo wangamo mulinso dizilo wa jenereta, chifukwa firiji ya madigiri 80 pansi pa ziro siimva zoti magetsi azima poti madzi achepa ku Kariba, monga zinalili mu 2024.