ABINGDON: FAKITALE INAFA, KOMA MAGALIMOTO AKE AKALI MOYO

Munthu wocoka mu mzinda wa London pa sitima ya pamtunda kulinga kumadzulo amafika ku Oxford patapita pafupifupi ola limodzi. Akatsika pamenepo nakwera basi yolowera kumwera, amayenda makilomita 10 okha ndi kufika m'tauni ya Abingdon, m'mbali mwa mtsinje wa Thames. Ulendo wotsirizawu ngwa pa basi cifukwa sitesheni ya m'tauniyi inaleka kunyamula anthu mu 1963.

Abingdon ndi tauni yakale ndi yofatsa. Ulalo wake wa miyala woolokera Thames unayamba kumangidwa mu 1416. Nyumba yaikulu ya amonke imene inacititsa kuti tauniyi ikule inatsekedwa ndi Mfumu Henry VIII mu 1538, ndipo zatsala ndi cipata ndi nyumba zocepa cabe. Pakati pa msika pali nyumba yaitali ya nsanamira za miyala yochedwa County Hall. Pa masiku a cikondwerero ca banja lacifumu, akuluakulu a tauni amakwera padenga pake ndi kuponya mabanzi kwa khamu la anthu loima pansi.

Koma alendo ambiri ocokera ku America, Australia ndi maiko ena samadzera mabanzi kapena zipupa za amonke. Amadza cifukwa ca zilembo ziwiri, MG, zolembedwa m'kati mwa cizindikiro ca ngodya zisanu ndi zitatu. Kwa zaka 51, tauni ino ndiyo inali kwao kwa tigalimoto taliwiro ta mipando iwiri ndi denga la nsalu lopindika.

Ciyambi ca MG

Zilembozi zinacokera ku dzina la Morris Garages, sitolo yogulitsa ndi kukonza magalimoto ku Oxford, imene mwini wake anali William Morris. Woyang'anira sitoloyo, Bambo Cecil Kimber, anayamba kutenga magalimoto wamba a Morris ndi kuwabveka matupi opepuka kuti azithamanga. Anthu anawakonda, malo a ku Oxford anacepa, ndipo mu 1929 nchitoyi inasamukira ku Abingdon, m'nyumba zimene poyamba zinali za kampani yofufuta zikopa. Bambo Kimber anacoka pa kampaniyi mu 1941, namwalira pa ngozi ya sitima ku King's Cross mu London mu 1945.

Galimoto imene inabukitsa dzina la Abingdon koposa zonse ndi MGB, imene inayamba kupangidwa mu 1962. Injini yake inali ya 1,798 cc, ndipo inkatha kupyola makilomita 160 pa ola. Pofika 1980, fakitale inali itatulutsa magalimoto otere oposa 500,000, ndipo oculuka a iwo anakwezedwa m'zombo kupita ku America.

Fakitale ya Abingdon sinali kusula zitsulo zake zonse. Matupi ndi mainjini zinali kudza kucokera ku mafakitale ena, ndipo nchito ya pano inali kulumikiza. Panalibe lamba wa makina wokoka magalimoto monga m'mafakitale akulu. Gulu limodzi la anchito likatha mbali yake, linali kukankha galimoto ndi manja kuipereka ku gulu lotsatira. Galimoto yomangidwa ndi sipanala m'manja mwa munthu, munthu wina angathe kuimasula ndi sipanala yomweyo. Apa ndi pamene pagona moyo wautali wa magalimotowa.

Cikondwerero cosanduka maliro

Mu September 1979 tauni yonse inakondwerera kuti MG yakwanitsa zaka 50 ili mu Abingdon. Kampani yofulula mowa ya m'tauniyi, Morland, inafulula mowa wapadera wochedwa Old Speckled Hen pokumbukira tsikulo. Koma cikondwerero citangotha, kampani yaikulu ya British Leyland, imene inali mwini wa MG pansi pa utsogoleri wa Sir Michael Edwardes, inalengeza kuti fakitale idzatsekedwa. Ndalama ya Britain inali itakwera mphamvu poyerekeza ndi dola, motero galimoto iliyonse yogulitsidwa ku America inali kubweretsa citayiko m'malo mwa phindu. Ndiponso MGB inali itakalamba, popeza eni kampani sanaike ndalama zopangira ina yatsopano yolowa m'malo mwake.

Eni magalimoto anacita zionetsero, koma sizinathandize. Mu October 1980 galimoto yotsiriza inatuluka, zipata zinatsekedwa, ndipo anchito mazana ambiri anabwerera kunyumba opanda nchito. Mbali yaikulu ya fakitale inagwetsedwa. Pamalopo tsopano pali maofesi ndi nyumba za malonda, ndipo cotsala cokumbutsa zakale ndi maina a miseu monga Kimber Road ndi Nuffield Way. Imodzi mwa ma MGB otsiriza imasungidwa m'cipinda capamwamba ca County Hall, m'mene muli nyumba yoonetseramo zakale. Dzina la MG lenilenilo tsopano lili m'manja mwa kampani ya SAIC ya ku China.

Cifupi ndi pamene panali cipata ca fakitale, pa Cemetery Road, pali nyumba yochedwa Kimber House, likulu la MG Car Club, bungwe la eni magalimotowa limene linayamba mu 1930. Ambiri a mamembala ake si amakaniko ophunzira. Ndi aphunzitsi, akalaliki, alimi ndi anthu opuma pa nchito, amene amakonza magalimoto ao m'kagalaja ka kuseri kwa nyumba madzulo ndi pa Ciweru. Zimene fakitale inasiya kucita, iwowa anazitola.

Mdani wamkulu ndi dzimbiri

Wogula MGB yakale kuti aiukitse amaphunzira msanga kuti injini si ndiyo bvuto lalikulu. Injini imeneyi ndi yacitsulo colimba, ndipo ingathe kumasulidwa ndi kumangidwanso kangapo. Cimene cimapha galimoto ndi dzimbiri. Dziko la Britain ndi lacinyontho caka conse, ndipo m'nyengo ya cisanu a boma amawaza mcere m'miseu kuti madzi oundana asungunuke. Matope osakanizika ndi mcerewo amamatirira kunsi kwa galimoto ndi kudya citsulo pang'onopang'ono.

MGB ilibe msana wacitsulo wapadera monga uja wa lole kapena Land Rover yakale. Thupi lenilenilo ndilo limanyamula zonse, ndipo popeza denga ndi la nsalu, mphamvu yaikulu ili m'zitsulo ziwiri zazitali zokhala m'munsi mwa zitseko. Ciliconse ca izo ndi mphako yopangidwa ndi mapepala a citsulo angapo owochereredwa pamodzi. Madzi akalowa m'mphakomo, dzimbiri limayambira m'kati, kunja kukali kunyezimira. Zitsulozi zikaola, galimoto imayamba kubwama pakati ndipo zitseko zimakana kutsekeka bwino.

Nkcifukwa cake wogula wanzeru sakhulupirira penti. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Iye amayang'ana mpata wa pakati pa citseko ndi thupi ngati uli wolingana pamwamba ndi pansi, amakweza makapeti kuona pansi, ndipo amayendetsa kamaginito m'mbali mwa galimoto. Pamene maginito akana kugwira, pamenepo wogulitsa anamata phala lobisira dzenje m'malo mwa citsulo.

Kucotsa zitsulo zoolazo kuli ndi mwambo wake. Asanadule kanthu, mwini galimoto amawocherera mipiringidzo yopingasa pa khomo la citseko kuti thupi lisapindike, ndipo amakonza mbali imodzi kufikira itatha asanakhudze inzake. Thanki ya petulo amayamba waicotsa ndi kuiika kutali, cifukwa nthunzi ya petulo ndi moto wa wowocherera sizionana. Sagona pansi pa galimoto yoimikidwa pa jeke yokha: amaika zoimikira zacitsulo zolimba, pakuti jeke ikaphonya, munthu amaphwanyika. Nchito ikatha amapopera phula lamadzimadzi m'mphako zonse kuti cinyontho cisapezenso polowera.

Ngati thupi laoleratu, pali njira ina. Zikombole zimene zinali kusindikiza matupi a MGB sizinatayidwe zonse. Kampani ya British Motor Heritage inazisonkhanitsa, ndipo mu 1988 inayambanso kupanga matupi atsopano. Kampaniyi ili ku Witney, makilomita pafupifupi 20 kucokera ku Abingdon. Motero munthu angathe kugula thupi latsopano la galimoto imene inaleka kupangidwa kalekale, nasamutsiramo injini, magiya ndi mawilo a yakale ija.

Nchito zazing'ono za nthawi zonse

Galimoto ikauka, kuisunga ndi nchito ya manja ndi makutu. MGB ya ku Britain ili ndi makabuleta awiri a mtundu wa SU, osakaniza petulo ndi mpweya. Awiriwa ayenera kukoka mpweya molingana, monga ng'ombe ziwiri za pa goli limodzi. Imodzi ikatsogola, injini imanjenjemera ndi kumwa petulo wambiri. Eni ena amawalinganiza pomvetsera kulira kwa mpweya ndi kapaipi koika kukhutu. Pamwamba pa kabuleta iliyonse pali kacitsekero kothiramo mafuta pang'ono, amene ayenera kuonjezedwa akacepa.

Moto wa mapulagi umadulidwa ndi tizitsulo tiwiri totseguka ndi kutsekeka, timene amakaniko amaticha mapointi. Mpata wake ndi wocepa, wosafika theka la milimita, ndipo umasintha pamene tizitsuloto tikutha. Ukasokonezeka, galimoto imabvuta kulira m'mawa. Miyendo ya kutsogolo imafuna girisi pa makilomita pafupifupi 5,000 alionse. Wonyalanyaza zimenezi amadzagula zitsulo zodula cifukwa coumira girisi wochipa. Magetsi a kampani ya Lucas amanenedwa zambiri, koma nthawi zoculuka colakwa cimapezeka kuti ndi polumikizira nthambo pamene pacita dzimbiri, pofunika kungopala ndi kumanganso. Wofuna batire asaiyang'ane kutsogolo: ili kuseri kwa mipando, ndipo magalimoto oyambirira anali ndi mabatire awiri a mavoti 6.

Nzeru zimenezi sizinabisidwe. Mabuku a kampani ya Haynes, imene inayambidwa ndi John Haynes, amaonetsa ndi zithunzi m'mene galimoto imamasulidwira kacitsulo ndi kacitsulo. Buku lao loyamba la mtunduwu linatuluka mu 1966, ndipo linali la kagalimoto kena kaliwiro, Austin-Healey Sprite. Mabungwe a eni magalimoto naonso amasindikiza malangizo ndi kuthandiza mamembala kupeza masipeya.

Petulo ndi malamulo zinasintha

Magalimotowa anapangidwira petulo wokhala ndi mtobvu, umene unali kuteteza pokhalira mavavu m'mutu wa injini. Petulo wotere analeka kugulitsidwa wamba m'Britain mu 2000 cifukwa mtobvu ndi woipa ku thanzi la anthu. Eni ambiri anapereka mitu ya mainjini ao kwa amisiri kuti aikemo mphete zacitsulo colimba, ndipo ena amathira mankhwala apadera m'thanki. Mu September 2021 petulo wamba anasinthidwanso kukhala wa E10, wosakanizidwa ndi ethanol, mtundu wa kacasu, kufikira gawo limodzi mwa magawo 10. Ethanol amafewetsa mapaipi akale a mphira ndipo amakoka madzi m'thanki. Paipi yotere ikadontha pafupi ndi injini yotentha, nchito ya zaka zingapo ingapse m'mphindi zocepa. Motero mapaipi akale amasinthidwa, ndipo ambiri amagula petulo wodula wa E5.

Kuyambira mu May 2018, galimoto yopyola zaka 40 imene sinasinthidwe kwambiri siikakamizidwa kupita kukayesedwa caka ndi caka m'Britain. Popeza MGB yotsiriza inapangidwa mu 1980, onse afika kale pa msinkhu umenewu. Koma lamulo likali kunena kuti galimoto iliyonse ya pamseu ikhale yabwino, ndipo mlandu wa mabuleki osagwira ndi wa mwini wake. Cifukwa ca ici eni ambiri amapita nayobe kukayesetsa mwa kufuna kwao, kuti diso la munthu wina lione zimene iwo anazolowera.

Nchito youkitsa galimoto yotere imatenga zaka, ndipo kawirikawiri ndalama zolowa zimaposa mtengo umene galimotoyo ingagulitsidwe. Kuona maso a nkhono nkudekha. Amene amafika kumapeto ndi aja ogawa nchito m'zigawo zazing'ono, olemba dzina pa kathumba ka mabauti alionse amene amasula, ndi osayamba kugula penti mabuleki asanakonzedwe. Amene amamasula zonse tsiku limodzi ndi cangu ca poyamba, nthawi zambiri amadzagulitsa galimoto ili m'makatoni.

Mlimi wa ku Katete kapena ku Petauke mwina sadzafuna galimoto ya mipando iwiri yosatha kunyamula thumba la cimanga. Koma citsulo ndi cimodzimodzi kulikonse. Pulawo yosiyidwa pamvula ndi matope ake, njinga ya cheni couma ndi cigayo cosathiridwa girisi zimafa imfa yomweyo imene inapha zikwi za ma MG. Magalimoto a Abingdon amene akali kuyenda ndi aja amene anasungidwa pouma, natsukidwa kunsi, napatsidwa mafuta pa nthawi yake ndi eni ake.