Bambo anga ankadziwa poima

Bambo anga anapita kawiri ku migodi ya ku Joni kudzera ku bungwe la Wenela. Ankadziwa chimene akukafuna: njinga, wailesi ndi ng'ombe zolowolera amayi anga. Zitapezeka anabwerera kwathu kufupi ndi Embangweni n'kugwira khasu. Mu 1974 ndege yonyamula anthu a Wenela inagwa ku Francistown, a Kamuzu Banda n'kuletsa ulendowo. Anzawo anadandaula kuti mwayi wawathera, koma iwo ankangoti zawo zinakwana kale. Ndili mnyamata ndinkawayesa munthu wosaona patali.

Ine ndinanyamuka mu 2009 pa galimoto ya matransipota, kudzera ku Dedza, Tete mpaka Beitbridge. Ku Mzimba ulendowu uli ngati chinamwali: mnyamata amene sanaoloke Limpopo amadziona ngati sanakule. Ndinalumbira kuti ndikangomanga nyumba yamalata ya zipinda zitatu pa Boma, ndibwerako. Inatha m'zaka ziwiri, ine osabwera.

Mnzanga wa ku Jenda anali ataika pa Facebook nyumba yake ya matailosi, yanga n'kuyamba kundichititsa manyazi. Nditaika matailosi, panafunika siling'i. Siling'i itatha, mpanda wanjerwa ndi geti yachitsulo. Masana ndinkasamala maluwa pa nyumba ya bwana ku Randburg, usiku n'kumatsuka mbale mu lesitilanti, Lamlungu n'kumaphunzira kuwotcherera. Mwezi umene ndatumiza ndalama zochepa ndinkaopa kuimba foni kunyumba, ngati wakuba. Ulemu wanga ndinkauyeza ndi marandi.

Mu 2015 chiwawa chothamangitsa alendo chitabuka ku Durban n'kufika ku Johannesburg, boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu. Ndinadzitsekera m'kachipinda masiku anayi. Chimene chinkandisowetsa tulo si imfa ayi, koma malipiro amene ankandidutsa. Munthu ukafika pamenepo, zimene unapita kukafuna zasanduka bwana wako.

Ndinabwerera mu 2019. Mwana wanga wamkazi, amene ndinamusiya ali kumsana, anagwada patali n'kunena kuti, "Monire adada," monga amachitira ndi mlendo aliyense. Madzulo ndinaima pakhonde ndi mtolo wa makiyi, osadziwa yotsegulira chipinda changa. Anandisonyeza ndi mwanayo.

Mawa lake ndinapita kumudzi. Bambo anali pansi pa mtengo wa mango akumata chubu cha njinga yomwe ija. Anamvetsera zonse zimene ndinagula, kenako anafunsa: "Nanga mwana wanga, unkati ukapeza chiyani ndiye ubwere?" Ndinalibe yankho. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma ine sindinagwe n'komwe. Ndinangokhala m'mwamba zaka khumi, kulumpha nthambi ndi nthambi.

Sindikunyoza khama. Ndalama za ku Joni zaphunzitsa ana ambiri, zagula feteleza, zachotsa udzu pa madenga kuyambira ku Edingeni mpaka ku Luwerezi. Luso lowotcherera ndi limene likundidyetsa lero pa Boma. Kukhutira si ulesi, ndipo bambo anga analowa m'chimgodi chimene ine sindikanayerekeza. Tinasiyana pamodzi pokha: iwo ankadziwa kuti ndi munthu asanagule njinga, choncho njingayo inali yokwera basi. Ine ndinkayembekeza kuti geti yachitsulo ndiyo idzandiuze kuti ndine munthu, ndipo geti silankhula.

Mwezi watha mphwanga anabwera ku shedi yanga pasipoti ili m'thumba. Sindinamuletse. Ndinang'amba pepala m'kope lolembamo maoda, n'kumuuza kuti alembe zimene akukafuna ndi chaka chobwerera. Analemba zinthu zitatu. Pepalalo ndinapereka kwa mkazi wake kuti asunge.