Nkhombe ndi muyeso wa madzi



Ife aphunzitsi a maphunziro a Chisilamu timabwereza kawirikawiri nkhani ya mizani, muyeso umene Allah (Subhanahu wa Ta'ala) adaika m'chilengedwe, monga imatikumbutsira Surah Ar-Rahman. Ana amavomera ndi mitu, koma mawu opanda chitsanzo chogwirika amathera pakhomo la kalasi. Nchifukwa chake lero tabweretsa kanyama kamene moyo wake watsamira pa miyeso iwiri: kutentha kwa madzi ndi kuchuluka kwa mchere.

Kanyamako ndi nkhombe ya m'nyanja yamchere, nkhono ya zigoba ziwiri zotseguka ndi kutsekeka. Imakhala itadzikwirira mumchenga, nkutulutsa timipope tiwiri: kena kokoka madzi, kena kowalavula. M'madzimo imasefamo chakudya ndi mpweya. Mitundu yambiri imene anthu amadya imakonda pamathiriro a mitsinje, pomwe madzi opanda mchere amakumana ndi amchere, madzi awiri amene Surah Al-Furqan imatchula pa ndime 53. Madzi akaipa nsomba imathawa, koma nkhombe ilibe kothawira.

Tiyambe ndi mchere. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yaikulu imakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere, ndipo madzi a m'thupi la nkhombe amatsatira mchere wa madzi oizungulira. Ophunzira a bayoloje mukudziwa osmosis, ndipo amayi amaidziwa kukhitchini: mukathira mchere pa matimati odula, amatuluka madzi. Kwa nkhombe, mchere wa kunja ukachepa zimachitika mobwerera. Madzi amalowa m'thupi mwake, minofu nkutupa. Chomwe ingachite nkutseka zigoba. Koma ikatseka siidya ndipo siipuma bwino. Imapirira masiku owerengeka, ndipo madzi akapanda kubwerera mwakale imafooka, imalephera kudzikwirira, kenako imafa kapena kudyedwa ndi nkhanu ndi mbalame.

Izi zidaoneka ku Galicia, kumpoto chakumadzulo kwa dziko la Spain, kumapeto kwa chaka cha 2023. Mvula idagwa kwa milungu yambiri, mitsinje monga Ulla idathira madzi ochuluka mu Ría de Arousa, mchere udatsika, ndipo nkhombe zidafa zambirimbiri. Kumeneko otola nkhombe pagombe ambiri ndi amayi, ndipo tsokali lidawagwera nyengo ya malonda aakulu a kumapeto kwa chaka itayandikira.

Kutentha nako kuli ndi malire. Thupi la nkhombe limatentha kapena kuzizira motsatira madzi. Madzi akafunda, thupi limagwira ntchito mothamanga ndipo limafuna mpweya wambiri, pomwe madzi ofunda amasunga mpweya wochepa kuposa ozizira. Njala ya mpweya imakula pa nthawi yomwe mpweyawo wachepa. Kumapeto kwa Juni 2021, kumadzulo kwa dziko la Canada kudatentha mpaka madigiri 49.6 m'mudzi wa Lytton. Kugombe, madzi ankaphwa masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo katswiri wina wa pa University of British Columbia, Christopher Harley, adayerekeza kuti tizilombo ta m'mbali mwa nyanja toposa 1 biliyoni tidafa, nkhombe zili momwemo. Madzi ofunda amachulukitsanso tizilombo ta Vibrio. Poti nkhombe imasefa madzi, imatisunga m'thupi, ndipo munthu woidya yosapsa akhoza kudwala.

Zovuta ziwirizi zikabwera motsatizana, nkhombe yofooka kale ndi kutentha siichedwa kugonja mchere ukatsika.

Wina angafunse kuti ife a dziko lopanda nyanja yamchere zikutikhudza bwanji. Madzi a mtsinje wa Shire amathira mu Zambezi, ndipo Zambezi amathira m'nyanja ya Indian ku Mozambique. Phiri likakhala ndi mitengo, mvula imalowa pansi nkumatsika pang'onopang'ono. Likametedwa, madzi amatsika nthawi imodzi atasenza matope. Amene ali kumunsi, anthu ndi zamoyo zomwe, amalandira zimene ife akumtunda tatumiza. Udindo wa ukhalifa umene Allah adapatsa munthu suthera m'malire a munda wathu.

Tsono tili ndi mapempho atatu. Kwa inu ophunzira: bayoloje ndi jogalafe musaziyese zongokhozera mayeso a MSCE. Wodziwa mmene nkhombe imapumira amamva bwino tanthauzo la mizani kuposa wongoloweza liwulo. Kwa inu makolo: mwana akabwera ndi mafunso a zachilengedwe, musamubweze ngati kuti akutaya nthawi ya madrasa, pakuti kusinkhasinkha za zolengedwa ndi chimene Qur'an yolemekezeka imatilimbikitsa. Kwa a komiti ya mzikiti: nyengo yodzala mitengo ikayamba mu Disembala, tikupempha kuti tiimvenso pa khutba ya Lachisanu, ndipo tigwirane manja ndi ana athu kudzala mitengo m'mbali mwa mitsinje ya m'dera lathu ndi kuisamalira mpaka itakula.

Allah atipatse nzeru zosunga muyeso umene adauika. Ameen.