Mwambi umene ndinaponyera mlongo wanga

Foni inalira usiku ndikuchonga mapepala a ana asukulu. Anali mlongo wanga wamng'ono, kuimba kuchokera kwathu ku Feira.

"Asisi, andiitana ku Lusaka. Kontrakiti ya zaka ziwiri, malipiro pafupifupi kuwirikiza kawiri. Ndichite bwanji?"

Sindinaganize n'komwe. "Iwe, ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Khala pomwe ulipo."

Mnyamatayu wagwira ntchito zaka 7 pakampani imodzi yaing'ono yosamalira nsanja za netiweki ndi makompyuta a m'maofesi. Amene simunafikeko, Feira ndi boma la Luangwa, kumathero kwenikweni kwa msewu. Mukapatuka pa Luangwa Bridge mumatsika makilomita oposa 80 mpaka pomwe Luangwa amathira mu Zambezi. Tsidya lina kuli Zumbo wa ku Mozambique, tsidya linalo Kanyemba wa ku Zimbabwe. Netiweki ikagwa kumeneko, amayi ogulitsa nsomba amene amalandira ndalama pafoni amadziwa khomo loti agogode. Ndi lathu.

Ine ndine mphunzitsi wa boma muno mu Lusaka, ndimaphunzitsa Computer Studies. Pantchito yanga kukhalitsa kumalipira: zaka zikamachuluka, penshoni nayo ikukula. Ndinkaganiza kuti ntchito zonse zili choncho.

Patchuthi cha Ogasiti ndinapita kumudzi. Madzulo ena tinakhala pagombe tikudya masau, iye n'kuyamba kundiwerengera. Chaka choyamba anaphunzira zambiri: majenereta, mabatire, masola, kukwera nsanja. Chachiwiri anazolowera. Zaka zisanu zotsatirazo wangobwereza zomwezo, kuthira dizilo, kupukuta fumbi pamasola, kuikanso Windows. Udindo ndi womwe uja, pakuti pamwamba pake pali mwini kampani basi. Satifiketi ya Cisco anaiwerengera usiku pafoni, koma palibe pomwe amaigwiritsira ntchito. Anzake a kukoleji asintha makampani kawiri katatu, lero akuyala faiba ndi kuteteza makompyuta a mabanki.

Nane ndinali ndi zanga. Kontrakiti ikatha, watha. Lendi ya mu Lusaka imadya malipiro mwezi usanafike pakati, pomwe ku Feira amagona m'nyumba ya makolo, ndiwo zili mumtsinje. Kwathu aliyense amamukhulupirira; kuno adzakhala nambala chabe, woyamba kuchotsedwa zinthu zikavuta. Ndipo mabwana ena akaona CV yodumphadumpha amachita mantha.

Anandiyankha modekha. Nambala ya NAPSA imamutsatira munthu kulikonse kumene walembedwa. Lamulo la Employment Code la 2019 limati wa kontrakiti yotere alandire gratuity yosachepera 25 peresenti ya malipiro ake. "Komanso asisi, kusintha kamodzi pa zaka 7 ndiko kudumphadumpha?"

Kenaka anafunsa funso limene lidakandiwawabe. "Mufuna ndikhale chifukwa cha ine, kapena chifukwa cha amama?"

Ndinangoti kukamwa yasa. Amayi athu amadwala BP. Amene amawaperekeza kuchipatala cha Katondwe ndi iyeyo. Amene amadzuka usiku njovu zikalowa kudimba ndi iyeyo. Ine ndinachoka ndili ndi zaka 19 kupita kukaphunzira, ndipo palibe anandiponyera mwambi wa pusi. Ndimatumiza ndalama pafoni n'kugona tulo tabwino, chifukwa ndikudziwa kuti kumudzi kuli munthu. Zimene ndinkazitcha kukhulupirika pantchito zinali mtendere wanga womwe, wolipiridwa ndi zaka zake.

Sindikunena kuti kukhala pamalo amodzi n'kupusa. Zaka zimenezo n'zimene zinamupanga kukhala munthu wotha kukonza nsanja yekha, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, popanda womufunsa. A ku Lusaka aja anamufunira zomwezo. Koma ntchito ya makompyuta siidikira munthu. Ukatha chaka chathunthu osaphunzira kanthu katsopano, ndiye kuti malowo akupatsa zonse zimene anali nazo.

Tinakhala pansi ndi amayi. Kubwera kudzakhala nane ku Chawama anakana kwamtuwagalu, akuti sangasiye dimba. Tinagwirizana kuti msuweni wathu azigona nawo, ine ndizimulipira, ndipo tchuthi chilichonse ndizikwera basi kupita kwathu, ndileke kudzikhululukira ndi matyushoni.

Mlongo wanga anabwera mu Seputembala ndi chikwama chimodzi ndi nsomba zouma. Pano akugona pabalaza panga, 5 koloko m'mawa ali kale pa siteshoni. Ngati zidzamuyendere, zaka ziwirizi zidzanena. Inu achinyamata amene mumafunsa akulu anu nzeru za ntchito, mverani ndithu, koma muzifunsanso kuti mukakhala pomwe mulipo, wopuma bwino ndani.

Dzulo amayi anaimba kuti netiweki yakhala ikuvuta masiku atatu. Anthu akugogodabe pakhomo pathu.