Sukulu ya otsala

M'zaka za m'ma 1980, mwana akalemba mayeso a sitandade 8 ankagwera mbali imodzi mwa zitatu. Ochepa kwambiri ankasankhidwa kupita ku sekondale ya boma, ndipo mudzi wonse unkadziwa, ngakhale agogo osatha kulemba dzina lawo ankalitchula bwinobwino dzina la sukuluyo. Ambiri ankabwereza kalasi, kawiri katatu, ena mpaka kusintha dzina kuti ayesenso mwayi. Otsalawo, makolo akakhala ndi kangachepe, ankapita ku MCC. Achimwene anga anagwera kumeneko. Amayi akafunsidwa kuchigayo kuti mnyamata uja ali kuti masiku ano, ankayankha motsitsa mawu: "Ali pasukulu ndithu, ya MCC ija."

Malawi Correspondence College (MCC) inayamba mu 1965, patangotha chaka dziko litalandira ufulu, chifukwa masukulu a sekondale anali owerengeka pomwe ana ofuna malo anali khamu. Maphunziro ankakonzedwa ku Blantyre n'kusindikizidwa m'timabuku timene aliyense ankangoti maseti. Ndimawakumbukira bwino, chifukwa ndine ndinkatumidwa kukagula palafini wa koloboyi. Seti inali ya mapepala opyapyala, zilembo zothinana, ndipo pamapeto pa phunziro lililonse pankakhala mafunso. Achimwene ankalemba mayankho mosamala ngati kalata yofunsira ntchito, n'kuwapereka kuti akachongedwe. Pamene pepala linkabwera ndi inki yofiira, iwo anali atafika kale pamutu wina, ndipo cholakwa chija chinali chitakhazikika m'mutu. Kunalinso maphunziro a pa wailesi ya MBC, koma wailesi inali ya bambo, mabatirenso anali a nkhani ndi mpira. Akafooka tinkawayanika padzuwa kuti alankhuleko pang'ono, ndipo phunziro la Chingerezi linkamveka ngati likuchokera pansi pa madzi.

Kumalo kumene ophunzira a MCC ankakumanirana kunali aphunzitsi, koma ambiri anali a pulayimale amene ntchito yawo inali kuyang'anira, osati kuphunzitsa. Sayansi ankaiphunzira osaona botolo ngakhale limodzi la mu labu. Mu 1987 dzina la MCC linasintha kukhala Malawi College of Distance Education, malo aja n'kumatchedwa ma DEC, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma linawasandutsa ma CDSS amene tikuwadziwa lero. Achimwene anakhoza JC kenako MSCE, koma sanakhoze okha. Anali ndi anzawo atatu amene ankakumana nawo m'kalasi ya pulayimale ana akaweruka, ndipo wina akajomba, enawo ankamulondola kwawo. Amene ankawerenga paokha ambiri anangozimiririka. Palibe anawachotsa sukulu, palibenso anawafunsa.

Pa nthawi imeneyo, ndiye kuti, kuphunzira popanda mphunzitsi pamaso pako linali gawo la wotsala. Mwana wa mwayi anali ndi bolodi, choko, desiki ndi munthu womuyankha pompopompo.

Boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana anasefukira m'makalasi, kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo aphunzitsi ambiri analembedwa asanaphunzire ntchito. Iwowanso anaphunzitsidwa pogwiritsa ntchito timabuku towerenga ali pantchito. Kenako kunabwera Tikwere, pulogalamu ya pa wailesi ya ana a makalasi oyambirira. Imeneyi inali yosiyana ndi ya achimwene ija. Mawu a mu wailesi ankafunsa funso n'kukhala chete, ana onse n'kuyankha mokuwa, kenako ankauza mphunzitsi choti achite, kaya kulemba chilembo pabolodi kaya kuimiritsa ana awiri. Anthu amene anaikonza anali atazindikira kuti wailesi yolankhula yokha imagonetsa mwana, ndiye anaisiyira mphunzitsi malo.

Zinthu zinatembenuka mu 2020. Sukulu zonse zinatsekedwa pa 23 March chifukwa cha Covid-19, ndipo zinayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu September. Miyezi imeneyo ndinali ku Lilongwe, ndipo ndinaona ana a anzanga a kuntchito, a sukulu zolipira, atakhala pathebulo ndi laputopu, madamu akuwaitana mayina pa Zoom, homuweki ikubwera pa gulu la WhatsApp. Makolo ankadandaula za mtengo wa bandulo ndi kuzimazima kwa magetsi, koma sukulu inkayenda. Kumudzi kwa achemwali anga kunali foni imodzi ya mabatani, yotchajitsa pa golosale. Boma linaika maphunziro a pulayimale pa wailesi, a sekondale pa intaneti, ndipo sikunali kulakwa kutero, koma kalembera wa 2018 anali atasonyeza kale kuti mwa nyumba 100 zilizonse, za magetsi a ESCOM zinali pafupifupi 11 zokha. Nditaimba foni kufunsa ngati ana akumvera wailesi, achemwali anaseka. "Achimwene, inu mukunena za wailesi? Anzanuwo ali kudimba." Sukulu zitatsegulidwa, atsikana ena m'mudzimo sanabwererenso, anali ndi pakati kapena pabanja.

Kuphunzira uli kutali ndi mphunzitsi, kumene kale kunali chizindikiro cha kusasankhidwa, tsopano kunali kwa ana a mabwana. Mwana wa kumudzi ndiye anali wa bolodi ndi choko, ndipo bolodilo atalitsekera, analibenso ngakhale seti yoti awerenge pa koloboyi.

Anthu ambiri chaka chimenecho ankalankhula ngati mankhwala ake ndi kungogula zipangizo. Ine sindinkagwirizana nawo, ndipo ochita kafukufuku anali atachenjeza kale. Ku Peru boma linagawa malaputopu a One Laptop per Child m'sukulu za kumidzi. Akatswiri a Inter-American Development Bank atayesa ana m'sukulu 319, anapeza mu 2012 kuti patatha miyezi 15 anawo ankaidziwadi kompyuta, koma masamu ndi chiyankhulo sizinasunthe. Chaka chomwecho kunatchuka maphunziro a pa intaneti a Coursera ndi edX, ndipo kunali phokoso loti yunivesite yafika kwa aliyense kwaulere. Mu 2019 Justin Reich ndi José Ruipérez-Valiente anafalitsa m'magazini ya Science zimene anapeza pa makosi a MIT ndi Harvard: mwa olembetsa 100, omaliza anali ngati 3, ndipo ambiri mwa ophunzirawo anali a m'mayiko olemera kale. Nditawerenga zimenezo ndinakumbukira anzawo a achimwene amene anangozimiririka aja. Chipangizo chopatsidwa kwa mwana popanda womulondola chili ngati feteleza wothira m'munda wosapalira, amene amanenepa ndi udzu.

Chosangalatsa n'chakuti umboni wina wabwino pa nkhaniyi unachokera kwathu konkuno. Bungwe la onebillion la ku Britain linakonza pulogalamu ya masamu m'Chichewa yoika pa tabuleti, ndipo bungwe la VSO linathandiza kuifikitsa m'sukulu. Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham sanangofunsa aphunzitsi ngati akuikonda. Pasukulu ina ya pulayimale ku Lilongwe anagawa ana a sitandade 1 mpaka 3 mwa maere m'magulu atatu: ena tabuleti ya masamu, ena tabuleti yopanda masamu, ena kalasi ya masiku onse. Gulu lachiwirilo ndi limene limandigometsa, chifukwa linali loti tidziwe ngati chothandiza ndi phunzirolo kapena chimwemwe chongogwira chinthu chowala. Patatha masabata 8, mphindi 30 patsiku, a tabuleti ya masamu a mu sitandade 2 ndi 3 anaposa anzawo, ndipo zotsatirazo zinafalitsidwa mu 2015. M'nthawi ya maseti palibe amene ankayesa motere. Zinthu zinkangoyambika, n'kutha, wina n'kuyambitsanso zina.

Kuyambira 2023 boma likufalitsa matabuletiwa m'sukulu zake za pulayimale kudzera mu pulogalamu ya BEFIT, ya ana a sitandade 1 mpaka 4. Ndinakhalapo m'kalasi ina nthawi ya tabuleti itakwana. Ana anakhala pansi m'mizere, aliyense mahedifoni kumakutu, ndipo kalasi imene nthawi zonse simumvana munali zii. Kamtsikana kena kankakoka mango pagalasi ndi chala n'kuwaponya m'dengu. Katalakwitsa, mawu a mayi anakauza m'Chichewa kuti kayesenso, ndipo kanabwereza nthawi yomweyo, popanda wokaseka. Zimene achimwene ankadikira masabata, iko kanazimva chala chisanachoke pagalasi. Koma ndinaonanso zina. Aphunzitsi ankayendayenda, kudzutsa amene akusinza, kubweza amene akungodina paliponse. Panali wina amene anatchaja matabuletiwo pa sola dzulo lake, n'kuwawerenga, n'kuwatsekera m'kabati yachitsulo. Panali ola lake pa ndandanda. Tabuleti imeneyi sinapite kunyumba kukalowa m'malo mwa sukulu. Inabwera kusukulu kudzagwira ntchito pansi pa mphunzitsi. Nkhawa yanga ili pa zinthu zosaoneka pa zithunzi za tsiku lokhazikitsa: batire la sola likafooka adzagula ndani, galasi likasweka lidzakonzedwa kuti, ndiponso ngati chidwi chimene chimakhalapo ofufuza akamabwera ndi mafomu awo chidzakhalebe m'sukulu masauzande angapo zimene sadzafikako.

Akuluakulu nawonso alowa m'bwato lomweli, ndipo manyazi aja anatha. Mzuzu University, LUANAR ndi Domasi College of Education ali ndi maphunziro a ODL, ophunzira uli kutali, ndipo munthu amanena monyadira kuti akupanga digiri ali pantchito. Mwana wa achemwali anga, amene ndi mphunzitsi pa CDSS ina kumudzi, ndi mmodzi wa iwo. Mamoduli amawakopera pa foni usiku chifukwa bandulo ya usiku ndi yotchipirako, ndipo netiweki imagwira bwino akaima pachulu kuseri kwa nyumba ya ahedi. Asainimenti amalemba pamanja, n'kukataipitsa pa tauni. Ndinamufunsa chimene chimamuthandiza kwambiri, ndikuganiza kuti atchula mavidiyo a YouTube.

"Ayi malume, mavidiyo amadya data. Ndi gulu lathu la WhatsApp. Ukangokhala duu masiku atatu, ena amakuimbira kuti kodi mwagwa ulesi kapena kwagwa zovuta."

Mwezi watha gululo linasonkherana ndalama ya mayunitsi a mnzawo wa ku Nsanje amene malipiro ake anachedwa, kuti atumize asainimenti tsiku lisanapitirire.