ULENDO WATHU WA KU DEDZA M'NYENGO YA CHISANU

Abale owerenga, tifuna kukusimbirani za ulendo umene tinayenda ndi ana athu atatu m'mwezi wa July, chaka cha 2023, pakuti tinaphunzirapo kanthu kamene sitiyenera kukabisa.

Tinanyamuka ku Lilongwe Loweruka mamawa, kunka kukaona agogo a anawo, amene akhala m'mudzi wina kuseri kwa Dedza, ndipo tinati tidzabwerako Lamulungu madzulo. Kufika pa Boma ndi makilomita ngati 85 okha, chotero tinauyesa ulendo wopepuka. Agogowo anali atatumiza mawu, nati, "Mutenge mabulangete ambiri, kuno kwazizira." Koma ife tinaseka, popeza dzuwa linawala bwino m'tauni, tinatenga awiri okha, ndi malo otsala m'galimoto tinaikamo shuga, sopo ndi buledi.

Panjira ana anakondwa ndithu. Anawerenga ngolo za ng'ombe pa Nathenje, nayimba, nalimbirana malo a pazenera. Koma titaoloka mtsinje wa Linthipe ndi kuyamba kukwera, dzuwa linabisika, nkhungu inatsika pamsewu, ndi mvula yamawawa inayamba kugwa. Ndiyo nyengo imene anthu aitcha chiperoni, potengera dzina la phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali imene mphepo yachinyontho ichokera. Tinayatsa nyali usana ndi kuyenda pang'onopang'ono, chifukwa anthu a panjinga onyamula matumba a mbatatesi anangotulukira pafupi penipeni. Phiri la Dedza sitinaliona konse. Musadabwe nacho chisanu cha kumeneko: Boma la Dedza lili pa mamita ngati 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Lilongwe ali pa mamita ngati 1,050, ndipo munthu akamakwera, kuzizira nako kukula.

Agogo anatilandira ndi nsima ya nkhuku. Koma pamene anaona mabulangete awiri aja anangopukusa mutu, natipatsa lawo limodzi. Kutada, anakagona m'nyumba yawo yaudzu, natisiyira ife ya malata. Ana ananjenjemera, ndipo tinawamvera chisoni. Pamenepo tinatenga mbaula ya makala imene anaphikirapo, tinailowetsa m'chipinda, tinatseka chitseko ndi mazenera, ndi kutsekanso mpata wa pansi pa chitseko ndi chitenje. Tinagona ndi mtima wakuti tachita mwanzeru.

Pakati pa usiku mzime wathu wa zaka 4 analira, nati mutu ukumupweteka, nasanza. Ife podzuka tinapeza mitu yathu yolemera ndi miyendo yofooka, ndipo ana awiri enawo anavuta kudzutsa. Agogo, amene tulo tawo ndi tochepa, anamva kulirako, nadza, nakankha chitseko. Pakuona mbaula anafuula, nati, "Ana inu, mwachitanji? Tulutsani adzukulu anga msanga!" Tinawanyamulira pabwalo, ndipo patapita kanthawi mphamvu zinayamba kubwerera. Usiku womwewo mbale wina wa pamudzipo anatiyendetsa m'nkhungu yomwe ija kunka kuchipatala.

Kumeneko adotolo anatimasulira chimene chinatigwera. Makala akayaka m'nyumba yotseka atulutsa mpweya woipa wotchedwa carbon monoxide. Mpweyawo ulibe fungo, ndipo suoneka ndi maso. Ulowa m'mwazi, nukangamira m'menemo koposa mpweya wabwino nthawi zoposa 200. Munthu ayamba kumva mutu, chizungulire ndi nseru. Koma ngati ali m'tulo akhoza kupitirira osadzukanso. Ana ndiwo ayamba kugwidwa, popeza apuma mofulumira koposa akulu.

Kapena wina adzati, "Nanga makolo athu sanali kugona ndi moto m'nyumba?" Inde, anatero. Koma nyumba zawo zinali za denga laudzu ndi mipata yambiri yopitira mphepo, ndi utsi wa nkhuni unali kuwawa m'maso ndi kuwachenjeza. Makala alibe utsi wotere, ndi nyumba zathu za simenti ndi magalasi zisunga mpweya monga botolo lisunga madzi.

Tinabwerera Lamulungu madzulo, tonse asanu amoyo. Dzuwa linatuluka, ndipo ana analiona phiri lija. Koma nyimbo m'galimoto munalibe.

Chifukwa chake, abale, mukanka ndi ana ku mapiri m'miyezi ya June ndi July, tengani zofunda zokwanira, ngakhale zichepetse malo a katundu wina. Otherani mbaula pakhonde, ndipo pogona muisiye kunja. Ngati anthu a m'nyumba imodzi yokhala ndi makala amva mutu onse pamodzi, atuluke pomwepo, napite kuchipatala. Akuluakulu amati mawu awo akoma akagonera. Koma a agogo athu sanagonere ngakhale usiku umodzi wathunthu.