Buku la Turow landikumbutsa mbuzi ija



Ndangomaliza Presumed Innocent, buku la Scott Turow la 1987. Ndinaligula pa kaunjika kuno ku Indiana, ndipo ndakhala ndikuliwerenga usiku kuntchito agogo omwe ndimawasamalira akagona. Turow anali loya wa boma ku Chicago, ndiye za m'khoti amazidziwa ndithu.

Nkhani ndi ya Rusty Sabich, woimira boma pa milandu, yemwe akumutuma kufufuza za kuphedwa kwa mnzake wa mu ofesi, Carolyn Polhemus, mayi yemwe ankazenga milandu yogwiririra. Koma Rusty anali naye pachibwenzi chamseri mayiyo. Mapeto ake sindikuuzani.

Bwana wawo, Raymond Horgan, ali pa kampeni. Inde, kampeni! Kuno mkulu wa oimira boma m'dera amachita kumuvotera ngati phungu, moti mtembo wa Carolyn ukusanduka nkhani ya mavoti. Izi zokha sindinazikonde. Kwathu mkulu wa oimira boma, DPP, amasankhidwa ndi Pulezidenti, komiti ya aphungu n'kuvomereza, ndipo kwa majisitireti milandu yambiri amaimira ndi apolisi.

Chomwe chandisowetsa tulo m'bukuli ndi tambula. Anthu ophunzira akulimbana masiku ndi masiku pa tambula imodzi yokhala ndi zidindo za zala: anaigwira ndani, anaisunga kuti, bwanji yasowa. Ine ndinakumbuka mwana wa msuweni wanga. Mnyamata wina atamuchita chipongwe, amayi ake anamusambitsa usiku womwewo, zovala n'kuchapa, chifukwa cha manyazi. Umboni wonse unapita ndi thovu la sopo. M'mawa amalume ake a mnyamatayo anatulukira ndi mbuzi pachingwe, ati tikambirane pachibale, za kupolisi zidanitsa mudzi. Akuluakulu anakhala pansi pa mango, mbuzi inalandiridwa. Mwanayo sanafunsidwe kanthu. Ine ndinalipo, ndipo ndinangokhala chete.

Sindikuti kuno ndi kumwamba ayi. Loya wodziwa amadya ndalama zoti wosauka sangazione, ndipo amayi ambiri kunonso amangofa nazo mumtima.

Koma chonde, zikachitika pakhomo panu, mwana musamusambitse, zovala musachape. Thamangani naye ku Victim Support Unit kupolisi, kapena ku One Stop Centre ngati ya pa chipatala cha Queens ku Blantyre. Mankhwala oteteza ku HIV amafunika kuyamba maola 72 asanathe. Mbuziyo ibwerere kwa eni ake.